Ku Hannover kupite wokonza ngalande, meya atsale

Aliyense amene anayendapo m'tauni ya Blantyre amaudziwa msewu wa Hannover Avenue, uja uli ndi hotela ya Ryalls. Timaudutsa tili kalikiliki, wina akuthamangira kubanki, wina kukakwera minibasi, ndipo dzinalo linatilowa m'kamwa ngati mmene anatilowera a Ndirande ndi a Chilomoni. Ochepa okha ndiwo amaima n'kudzifunsa kuti dzina la mzinda wa ku Germany likufunanji pakati pa Kabula. Yankho lake n'lakuti mu 1968, dziko lathu lili ndi zaka zinayi zokha likudzilamulira, Blantyre ndi Hannover anapalana ubale wa mizinda, ndipo amene anaukankha kwambiri mbali ya uko anali khansala wamayi, Dr. Lore Henkel. Ukatsikira cha ku Mandala upezanso msewu wa Kaohsiung, dzina la mzinda wa ku Taiwan. Boma la Bingu wa Mutharika linathetsa ubale ndi Taiwan kumapeto kwa 2007 n'kukumbatira China, akazembe anapakira katundu wawo, koma anthu akupitirizabe kulozerana njira ndi dzina lomwelo.

Mfundo yanga ikuyambira pamenepa. Ubale wa maboma umatha tsiku limodzi, ndi siginecha imodzi. Ubale wa mizinda umachedwa kufa, chifukwa umakhala m'manja mwa anthu ambiri ndiponso umakhudza zinthu zimene sizisintha boma likasintha: madzi, zinyalala, misika, moto, manda. Ife tili ndi chida chimenechi m'manja kwa zaka zoposa 50, koma tachisandutsa khomo lotulukira kunja kwa akuluakulu ndi mbale yopemphera.

Hannover yemweyo anayamba bwanji kupalana maubale? Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pakati pa mzindawo panali mabwinja okhaokha. Mu 1947 kunabwera anthu ochokera ku Bristol, mzinda wa ku Britain umene ndege za Germany zinauphulitsa zaka zochepa m'mbuyomo. Anapeza ana akulephera kupita kusukulu m'nyengo yozizira chifukwa chosowa nsapato. Atabwerera kwawo anasonkhanitsa nsapato ndi zovala n'kutumiza kwa adani awo adzulo. A ku Hannover analibe chobwezera, choncho anapereka chimene anali nacho, nyimbo: oimba awo anapita kukasangalatsa anthu ku Bristol. Kankhani ka nyimboka ndimakakonda kuposa ka nsapato. Anthu amene analibe ngakhale denga anakana kukhala olandira chabe. Anadziwa kuti ubale umene mbali imodzi imangotambasula dzanja sutchedwa ubale, ndipo tsiku lina wopatsayo amatopa.

Wina afunsa kuti kodi khonsolo ikufunanji m'nkhani za kunja, poti tili ndi unduna wake ndi akazembe amene timawalipira? Funsolo n'lomveka. Koma taganizirani zimene nduna ziwiri zimakambirana zikakumana. Zimakamba za ndondomeko, za ngongole, za mavoti ku United Nations, kenako zimajambulitsa zikugwirana chanza. Palibe nduna imene imadziwa chifukwa chake ngalande ya pamsika imatsekeka chaka chilichonse mvula yoyamba ikangogwa. Amene amadziwa ndi kapitawo wa pakhonsolo, ndipo mnzake amene angamumve msanga ndi kapitawo wa khonsolo ina, kaya ali ku Germany, kaya ali ku Mozambique. Awiriwa amagwira ntchito imodzi. Angasiyane chilankhulo, koma akaima pamwamba pa paipi yophulika amamvana ndi manja okha.

Ndipo mavuto amene akutipha masiku ano amafikira pakhomo la khonsolo asanafike ku Capital Hill. M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa napolo m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, funso loyamba silinali la ndondomeko za kusintha kwa nyengo. Linali lakuti ndani analola anthu kumanga m'mbali mwa phiri, mitengo inapita kuti, madzi amayenera kudutsa pati, ndipo opulumuka akagona kuti usiku umenewo. Dziko lathu lonse linataya anthu oposa 1,000. Chaka chomwecho tinali tikulimbana ndi kolera amene anayamba mu 2022 n'kutenga miyoyo yoposa 1,700. Kolera ndi nkhani ya zimbudzi, ya zitsime, ya ukhondo wa m'misika. Zonsezi ndi ntchito za maboma aang'ono. Misonkhano ya zanyengo imachitikira m'mahotela a ku Glasgow ndi ku Dubai, koma matope amakokolola nyumba m'wodi ya khansala.

Tsono chimene chimandiwawa ndi momwe timaugwiritsira ntchito ubalewu. Ndinafikapo pa khonsolo ina kukalipira msonkho wa malo, ndipo kuseri kwa maofesi ndinaona galimoto yozimitsira moto, yofiira bwino, ili ndi zilembo za chilankhulo chachilendo m'mbali mwake. Inali itakhazikidwa pa miyala, udzu utamera pansi pake. Mlonda anandiuza kuti inali mphatso yochokera kunja, inagwira ntchito kanthawi, kenako kachitsulo kena kanafa ndipo m'dziko muno sikapezeka. Sindikukayika kuti tsiku loilandira kunali mwambo, kunali zolankhula, kunali kudula riboni. Chimene kunalibe ndi makaniko amene anakaphunzira kuikonza, ndi mzere wa mu bajeti wogulira zipangizo zake. Opereka anachita mbali yawo ndi mtima wabwino, mwinanso anapeputsa malo m'galaja mwawo. Olandira sanafunse mafunso, poti mphatso saikana. Mapeto ake moto ukabuka pamsika anthu amathamanga ndi ndowa, galimoto ili phee pa miyala.

Za maulendo ndiye musanene. Kalata yoitana ikabwera kuchokera kunja, mndandanda wa opita umayambira pamwamba n'kutsika, ndipo umathera pamene ndalama za alawansi zathera. Woyang'anira mtaya, wokonza mapampu, woyeza malo, mayi woyang'anira zaukhondo pamsika, awa dzina lawo silifika n'komwe patebulo. Opitawo amakaona fakitale yosanja zinyalala, amagwedeza mutu, amagula masuti, n'kubwerera. Ukafunsa lipoti la ulendowo amakuyang'ana ngati wafunsa za m'chipinda. Sindikunena kuti meya asamayende. Pali zikalata zimene iye yekha ndiye angasaine, ndipo ulemu wa mzinda umafuna kuti mfumu yake izionekera. Koma ulendo umodzi pa maulendo asanu ungamukwanire. Anayi otsalawo apite anthu ovala majombo.

Komabe kungodzudzula makhonsolo n'kuchita ngati kumenya galu womangidwa. Kufooka kwawo kunachita kukonzedwa. Mu 1998 tinakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko imene tonse timaitcha mphamvu ku anthu. Ndondomekoyo inalonjeza kuti boma lizipereka kumakhonsolo ndalama zosachepera 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse imene latolera, lonjezo limene bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likukumbutsa mpaka mawu kusasa. Tinasankha makhansala mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zathunthu mizinda yathu inalibe meya wosankhidwa ngakhale khansala mmodzi. Mkati mwa zaka zomwezo, mu 2010, lamulo linasinthidwa kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo azivota m'makhonsolo ndiponso kuti nduna ndiyo izisankha mabwanamkubwa ndi akuluakulu oyendetsa mizinda.

Tadziyikani m'malo mwa khansala wa ku Hannover m'zaka zimenezo. Mukufuna kukambirana ndi anzanu a ku Blantyre za ntchito ya zaka khumi. Mulembera ndani? Amene akuyankhani ndi wogwira ntchito m'boma amene mawa angasamutsidwire ku Chitipa ndi kalata imodzi. Ngakhale lero, meya wathu sasankhidwa ndi anthu a mumzinda. Amasankhidwa ndi makhansala anzake, ndipo amakhala zaka ziwiri ndi theka. Akamati wayamba kudziwa mayina a abwenzi akunja, nthawi yake yatha, wina ayambenso kufunsa kuti fayilo ili kuti. Blantyre anali ndi anthu pafupifupi 800,000 pa kalembera wa 2018, kuposa Hannover, ndipo Lilongwe anali pafupi kukwana miliyoni. Mizinda ya msinkhu umenewu timaiyendetsa ngati mwana wotumidwa kugolosale, amene ayenera kubweza chenji chonse kwa makolo. Mwana wotere sangapalane ubwenzi wa maso ndi maso ndi munthu wamkulu. Angathe kupempha basi.

Kuti muone kusiyana kwake simufunika viza. Pitani ku Beira, doko lomwe mafuta athu ndi feteleza wathu zimadzera. Daviz Simango anakhala meya wa mzindawo kuyambira 2003 mpaka pamene anamwalira mu February 2021. Anasankhidwa ndi anthu mwachindunji, ndipo sanali wa chipani cholamula cha Frelimo, kotero sakanadalira chifundo cha ku Maputo. Beira ndi mzinda wa m'dambo, mbali zake zina zili pafupifupi pa msinkhu umodzi ndi nyanja, ndipo Simango, yemwe anali injiniya, anadziwa kuti mdani wake wamkulu ndi madzi. Anayang'ana kwa anthu amene akhala akulimbana ndi nyanja kwa zaka mazanamazana, a ku Netherlands, ndipo pamodzi anakonza pulani ya mzinda yofika 2035. Ndi thandizo la Germany anatsegulanso mtsinje wa Chiveve, umene unali utasanduka chithaphwi chonunkha pakati pa tauni, n'kuikapo zitseko zolamulira madzi a m'nyanja. Ngalande zikuluzikulu zinakonzedwanso ndi ndalama za World Bank. Namondwe wa Idai atafika mu March 2019 anasasula madenga mzinda wonse ndipo anthu anafa, palibe angabise. Koma madera amene ngalande zinali zitakonzedwa madzi anaphwa msanga kusiyana ndi kwina.

Chimene ndikuona pa Beira si kuchuluka kwa azungu amene anabwera. Ndi chakuti mzinda unali ndi mwini wake, amene anakhalitsa pampando, amene ankadziwa chimene akufuna alendo asanafike. Abwenzi akunja anapeza pulani patebulo n'kusankha mbali yoti agwire. Kwathu kuno nthawi zambiri zimayenda chobwerera: mlendo ndiye amabwera ndi pulojekiti yake, ife n'kuyamba kufunafuna vuto loti ligwirizane nayo. Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, n'zoona, koma mwini mutu ndiye amanena pometa. Komanso, Beira ali pa ubale ndi Bristol yemwe uja wa nsapato kuyambira 1990. Ndiye kuti Blantyre ndi Beira ndi apachibale kudzera ku Hannover ndi Bristol, koma ndikukayika ngati kapitawo wa ngalande wa ku Blantyre angakhale ndi nambala ya foni ya mnzake wa ku Beira.

Apa ndiye pali kusaona kwathu kwakukulu. Tikamva za ubale wa mayiko maso athu amathamangira ku Ulaya, kumene kuli ndege ndi ndalama zakunja. Komatu makhonsolo ambiri mwa 35 amene tili nawo amagundana ndi dziko lina. Mchinji ndi Chipata amamwa madzi amodzi, amakwatirana, amagulitsana chimanga ndi soya, ndipo mwezi wa August uliwonse amakakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba pamodzi ndi abale awo a ku Tete. Ku Dedza ndi ku Ntcheu msewu wa M1 m'malo ena ndiwo malire, msika wa Tsangano Turn-off kapena wa Lizulu ogulitsa ake amachokera mbali zonse ziwiri. Mwanza ali ndi Zobue, Mulanje ali ndi Milange. Madzi a mtsinje wa Ruo akasefukira safunsa kuti mudzi uwu ndi wa dziko liti. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo patangopita miyezi yochepa matenda omwewo anapezekanso m'chigawo cha Tete. Kachilombo sikadinditsa pasipoti pa Dedza.

Anthu wamba, mafumu ndi azaumoyo a m'malire anayamba kale kugwirira ntchito limodzi, nthawi zambiri mwa kudziwana chabe. Chimene chikusowa n'chakuti makhonsolo aupatse ubalewu msana: kugwirizana masiku a katemera wa anthu ndi wa ziweto, kuchenjezana madzi akayamba kukwera kumtunda, kumvana za misonkho ya m'misika ya m'malire kuti mayi wogulitsa tomato asalipitsidwe kawiri, kudziwitsana ng'ombe zikabedwa. Maboma anamanga chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami chimene chinatsegulidwa mu December 2022, ndipo matraki akudutsa mofulumirirapo. Koma chipata ndi cha matraki. Moyo wa m'malire umadutsa m'tinjira ta njinga, ndipo tinjira timeneto ndi ta khansala ndi nyakwawa. Ubale woterewu sufuna tikiti ya ndege, umafuna mafuta a galimoto ndi chakudya chamasana. Mwina n'chifukwa chake sukopa anthu.

Tsopano ndibwerere kwa wotsutsa uja, poti ali ndi mfundo ina yolemera. Akuti dziko liyenera kulankhula ndi pakamwa pamodzi. Meya aliyense akayamba kuchita zake ndi mayiko akunja, mawa wina adzasaina pangano lopereka malo a mzinda kwa kampani yachilendo, wina adzatenga ngongole ya madola imene adzabweze ndi ana athu. Mantha amenewa si opanda pake. Mizinda ingagwe m'mbuna imene maboma amagwamo, ndipo mdima wa m'khonsolo ndi wandiweyani kuposa wa ku likulu chifukwa atolankhani safikako kawirikawiri. Pa ngongole ndi pa malo ndikuvomereza kuti boma lalikulu likhale ndi mawu omaliza. Koma mankhwala a mdima ndi kuyatsa nyali. Pangano lililonse limene khonsolo yasaina ndi mzinda wakunja likambidwe pa msonkhano wa makhansala onse, limasuliridwe m'chilankhulo cha anthu a m'deralo, lipachikidwe pa bolodi pakhomo pa ofesi. Aliyense wopita kunja dzina lake, ntchito yake ndi ndalama zimene wawononga zilembedwe pomwepo. Izi sizifuna kusintha malamulo a dziko. Zimafuna pepala ndi mapini anayi.

Ndipo nthawi zina pakamwa pachiwiri pamapulumutsa ulemu wa dziko. Mu 1981, Nelson Mandela ali m'ndende ndipo boma la Britain la Margaret Thatcher likukana kuikira South Africa zilango zolimba, khonsolo ya Glasgow, mzinda wa ku Britain komweko, inamupatsa ulemu wa ufulu wa mzinda. Mu 1986 inasintha dzina la bwalo limene panali ofesi ya kazembe wa boma la tsankho, kulitcha Nelson Mandela Place, kotero kuti kalata iliyonse yopita ku ofesiyo inkayenera kulembedwa dzina la mkaidi wawo. Mandela anapita yekha ku Glasgow mu 1993 kukathokoza. Makhansala aja analibe asilikali kapena akazembe. Anali ndi mphamvu yotcha misewu mayina, ndipo anaigwiritsa ntchito pa nthawi imene boma lawo linasankha kukhala chete. Ife a dziko limene boma lake panthawiyo linali ndi kazembe ku Pretoria tiyenera kuimva nkhaniyi mofatsa.

Chatsala ndi funso la nyimbo lija: ife tikupereka chiyani? Ambiri amaseka ukafunsa zimenezi, ngati kuti mzinda wosauka ulibe chophunzitsa. Komatu mizinda ya ku Ulaya yayamba kumene kulawa kutentha koopsa ndi madzi osefukira zimene ife tinabadwiramo. Freetown, likulu la Sierra Leone, inasankha mkulu woona za kutentha kwa mzinda mu 2021, mizinda yambiri yolemera isanaganize n'komwe, ndipo meya wake Yvonne Aki-Sawyerr anafika potsogolera nawo C40, gulu la mizinda ikuluikulu ya padziko lonse. Ife tikudziwa kugawa madzi kwa anthu zikwizikwi kudzera m'makiyosiki oyendetsedwa ndi anthu a m'dera. Tikudziwa kufikitsa katemera khomo ndi khomo kudzera mwa alangizi a zaumoyo oyenda pa njinga. Tikudziwa momwe mudzi umadzisonkhanitsira pa maliro popanda wolemba kalata. Blantyre amakoka madzi ake kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, kuwakweza mapiri mtunda wautali ndi magetsi osadalirika, ndipo amisiri amene amachititsa kuti mpopi udonthe m'mikhalidwe yotere ali ndi zoti auze injiniya aliyense wa ku Ulaya. Zomba inasonyezapo kuti zimatheka kukhala patebulo ngati mnzawo, pamene ubale wake ndi Urbana wa ku America, umene unayamba mu 2008, unakula n'kukokeramo Haizhu wa ku Guangzhou, ku China, pa ntchito ya zinyalala. Mizinda itatu ya m'makontinenti atatu inakhala pansi kukambirana za kompositi.

Mu 2028 ubale wa Blantyre ndi Hannover udzakwanitsa zaka 60, ndipo mwambo udzakhalapo, ndi zolankhula zake ndi magule ake. Ine ndikupempha zinthu ziwiri zokha kwa amene adzakonze mndandanda wa opita. Choyamba, pampando wa pawindo padzakhale munthu amene amagwira ntchito kumtaya wa Mzedi, ndipo akakhaleko mwezi wathunthu akugwira ntchito ndi anzake, osati masiku atatu a kuona malo. Chachiwiri, gululo lisanakwere ndege pa Chileka, lidzayambe lakwera basi kudzera pa Mwanza ndi Tete mpaka ku Beira, likayende wapansi m'mbali mwa Chiveve ndi tepi yoyezera m'manja, kenako lidzabwere lidzaime pa mlatho wa Mudi n'kutiuza kuti liyambira pati.